Chinkhoswe Chinadikira Buku

Chaka chimene mwana wanga anayenera kuchita chinkhoswe, wailesi ina ya kuno kwathu inayambitsa pulogalamu yowerenga mabuku amene anali asanatuluke. Anali mabuku a nkhani za achinyamata, ndipo olemba ake onse anali ongoyamba kumene, ana oti dzulodzuloli anali pasukulu. Loweruka masana ankawerenga mutu woyamba wa buku limodzi n'kulekezera pokoma penipeni, kuti tsiku lodzatuluka anthu adzalimbirane. Atsikana a sekondale amene ankabwera kudzasoketsa mayunifolomu pakhonde panga ku Utale analibenso nkhani ina. Uyu akudikira la mnyamata wa kunyanja ya Chiuta amene anathawa ndi bwato la bambo ake, uyo akudikira la mtsikana wopalasa kabaza pa Balaka. Ine ndinkangopalasa makina anga n'kumamwetulira, poti nane ndinali ndi langa lodikira. Limodzi mwa mabukuwo analemba ndi mwana wa malemu achemwali anga, amene ndinamulera ndekha kuyambira ali kamwana.

Atsikana awiriwa, wa achemwaliyo ndi wanga wobereka ndekha, anakulira pamphasa imodzi. Wolembayo ndiye wamkulu, wapakamwa ngati ine, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akuphunzitsa pa sekondale ina ku Liwonde. Wanga ndi wamng'ono, wofatsa mpaka kukwiyitsa, woti ukamukalipira amangokuyang'ana n'kupitiriza kusoka mabatani. Sabata yowerenga buku lathu itakwana ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Wailesi ndinaiika pamwamba pa makina, mabatire atsopano, ndipo amayi anadzaza khonde mpaka ena anakhala panjerwa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope anga anabwera tsiku lomwelo.

Mtsikana wa m'nkhaniyo anali wa Fomu 3, kwawo kufupi ndi njanji ku Utale. Anali wamanzere, wa mpata pakati pa mano, woimba kwaya kutchalitchi, ndipo amayi ake anali telala. Amayi pakhondepo anayamba kukodolana n'kumaloza mwana wanga, amvekere si uyu apa, walowa m'wailesi. Nanenso ndinaseka, mtima uli myaa. Kenako mtsikana uja anayamba kusanza m'mawa kuseri kwa khitchini, ndipo kuseka kunachepa. Mutuwo unathera pamene amayi ake akumuperekeza ulendo wa ku Nselema, n'kuuza anthu apamudzi kuti akukadwazika agogo ake. Wowerenga uja anati zotsatira tidzazipeza m'bukumo, n'kuika nyimbo. Amayi anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto.

Vuto linali lakuti mwana wanga ali Fomu 3 anapitadi ku Nselema. Amayi a malemu amuna anga anagwa n'kuthyoka m'chiuno, panalibe wowatembenuza pamphasa, ndiye ndinamutumiza iyeyo. Anakhalako miyezi yambiri mpaka anabwereza kalasi. Anabwerako atawonda, manja atakhakhala ndi kuchapa zofunda za nkhalamba, ndipo agogowo anamwalira akumutchula dzina. Za mimba panalibe. Ndine mayi wake, ndinkapitako mwezi ndi mwezi, ndipo madiresi ake onse muyezo ndinkatenga ndine.

Koma kwathu kuno nthano timaidziwa ndi mayambidwe ake. Wina amati padangokhala, ena n'kuvomera, ndipo mudzi wa m'nthano sukhala ndi dzina. Nkhani yotchula Utale, yotchula Nselema, yotchula njanji imene timaidumpha popita kuchigayo, yonenedwa pawailesi, komanso yoti ikasindikizidwe, imeneyo kwa anthu athu si nthano ayi. Ndi mbiri ya munthu, ndipo chotsala n'kungopeza mwini wake. Mwini wake sanavute kupeza, poti ku Utale atsikana amanzere a mpata m'mano obadwa kwa telala si ambiri.

Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Mayi wina amene amakapikula mpunga ku Nselema anabwerako akulumbira kuti pamsika anaona kamwana ka chipumi cha kwathu. Kukwaya anzake a mwana wanga anayamba kumusiyira malo aakulu pabenchi. Ine palibe amene anandifunsa maso ndi maso, amapadziwa pakamwa panga. Ankangobweretsa siketi yoti ndichepetse n'kumasuzumira m'nyumba.

Zamiseche ndikanazipirira, koma panali chinkhoswe. Mnyamata amene anamufunsira anali makaniko wa njinga zamoto pa Balaka, waulemu, wosalawa mowa. Ankhoswe anali atakumana kale n'kupangana tsiku la pambuyo pogulitsa thonje, ndipo ine nsalu ndinali nditadula kale, kungotsala kulumikiza. Nkhoswe wa kuchimuna anali amalume ake a mnyamatayo, bambo odziwika Utale yense chifukwa ndiwo ankawerenga mawu kutchalitchi. Ambulera yakuda sankaisiya ngakhale mu Okutobala, njinga yawo anaimangirira galasi la galimoto, ndipo akati "mwachidule" anthu ankakonza pokhala podziwa kuti ulendo wangoyamba.

Bambowo anabwera kwa achimwene anga, amene ndiwo nkhoswe wa ana anga. Ankhoswe akamakambirana mayi salowererapo, ndiye ndinakhala pamkeka chapatali ndikusenda chinangwa, makutu ali komweko.

"Mwachidule," anatero bambowo, "ife sitikukana mbeta iyayi. Tikungoti tsiku lija liyambe laima. Buku lituluke, tiwerenge, tione mutu wake."

Achimwene anati, "Bambo, zijatu n'zopeka. Mwana wathu wa ku Liwonde wangolemba za m'mutu mwake."

"Za m'mutu zingadziwe bwanji kuti mtsikanayo ndi wamanzere? Utsi sufuka popanda moto. Pakamwa munthu atha kunena chilichonse, makamaka wachibale, koma chosindikiza sichinama. Tidikire basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chinangwa chinandipulumuka m'manja. "Iyayi bambo," ndinatero ndili pamkeka pomwepo, "mwana wanga mukufuna kumudziwira m'buku? Si uyu amaimba pamaso panu Lamulungu lililonse?"

Achimwene anandiponyera diso lija akhala akundiponyera chiyambire tili ana, ndipo ndinatseka pakamwa, koma mochedwa. Bambowo anatsanzika mwaulemu, n'kutsegula ambulera kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza mpaka pa Balaka, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndipo anali mawu oti sindingawalembe pano. Wolemba wanga ndinamupeza pakhonde la nyumba ya aphunzitsi akuchonga makope. Anali atamva kale, maso atatupa.

"Amayi, ine ndinangobwereka dzanja lamanzere ndi ulendo wa ku Nselema," anatero. "Mimbayo ndi ya atsikana ena, ambiri, amene ndawaona akusowa m'kalasi mwanga pakati pa teremu. Inu mukamasoka chofunda cha zigamba simutenga nsalu kwa uyu ndi kwa uyo?"

"Zigamba zanga sizinaimitsepo chinkhoswe cha munthu. Unabwereka, unapempha ndani?"

Ndinamuuza kuti aliletse bukulo. Anati lili kale kwa osindikiza ku Blantyre, si lakenso yekha. Ndinati nanga kutsogoloko zikutha bwanji, kapena mtsikanayo anali ndi malungo chabe? Anaweramitsa mutu. Anati ayi, mwana amabadwa, wamwamuna. Anawonjezera motsitsa mawu kuti m'bukumo muli anthu ambiri, koma ine sindinafune kumva zina, zomwe ndinamvazo zinali zitandikwana. Ndinafuna kumuwomba mbama, ndinafunanso kumukumbatira, poti analira ngati tsiku limene tinaika amayi ake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anandiphikira tiyi, ndinamwa, n'kubwerera kwathu.

Kuyambira tsikulo Utale yense ankadikira buku limenelo, kupatula ine. Akuchimuna ankalidikira kuti ligamule mlandu, amiseche ankalidikira kuti adziwe kumene kamwana kanabisidwa, atsikana a sekondale ankalidikira chifukwa nkhaniyo inawakomera basi. Ine ndinkadziwa kuti likafika lidzamaliza mwana wanga. Achimwene nditawauza zimene ndinamva ku Liwonde anakanda m'mutu nthawi yaitali n'kungoti tiona. Mwana wanga nditamuuza anati, "Chabwino amayi," n'kundifunsa kumene ndinaika ulusi wobiriwira. Ndinapsa mtima kuposa mmene ndinapsera ku Liwonde. Munthu akukudetsa dzina, ukwati ukukupulumuka, iwe n'kumafunsa ulusi.

Bukulo linachedwa. Poyamba anati lituluka nyengo yozizira isanathe, kenako anati mapepala asowa, kenako anati makina afa. Thonje linagulitsidwa, ndalama zake n'kutha, tsiku la chinkhoswe n'kudutsa ngati tsiku wamba. Nthawi iliyonse imene mwana wa ku Liwonde ankaimba foni kuti achedwetsanso, ndinkapuma, kenako n'kuchita manyazi kuti ndikukondwera ndi tsoka la mwana wanga mmodzi pofuna kuteteza mnzake. Iyeyo bukulo analilemba zaka zingapo, m'matchuthi, anzake akupita kokacheza. Ndinkadziwa kuti ndi chinthu chachikulu chimene anachita, ndipo ndinkapemphera kuti chisaoneke.

Mabuku a anzake anatsogola. La mnyamata wa ku Chiuta linafika pa Utale dzuwa la Okutobala likuwotcha, ndipo atsikana anabwerekana mpaka chikuto chinachoka. Wina analiiwala pakhonde panga, ndinaliwerenga masana awiri makina ataima. Linali lokoma, sindinganame. Koma tsamba lililonse ndinkaganiza za abale a wolembayo. Ndinkati kunyanja uko kuli bambo wina wa bwato amene pano sakuyenda bwino pamudzi.

Mnyamata wa njinga zamoto uja analeka kubwera. Kale Loweruka lililonse ankatulukira ndi buledi, n'kukhala pansi pa mtengo kucheza ndi achimwene, koma tsopano ankangotumiza mauthenga pafoni. Mwana wanga anandionetsapo umodzi. Akuti iye akudziwa kuti zonse n'zabodza, poti anaphunzira limodzi, koma amalume ndi amalume, asunge khosi mkanda uoneke. Tsiku lina tili pa Balaka kukagula mazipi ndi singano tinamuona tsidya lina la msewu. Anatikwezera dzanja, n'kuweramira njinga imene ankakonza, ndipo sanadzukenso mpaka tinadutsa. Ine ndinalankhula kuchokera pamsika mpaka pa siteji ya kabaza. Mwana wanga anangoti singano tagula zazikulu kwambiri.

Komabe ukwati umenewo ndinkaufuna, ndinene mosabisa. Ndine mayi wamasiye, maso ayamba kuvuta poboola singano, ndipo mnyamatayo anali ndi ntchito ya m'manja. Ndinkaufunanso chifukwa ukanatseka pakamwa anthu. Chinkhoswe chikanatheratu, aliyense akanati mwaona, akuchimuna anapeza umboni, ndipo mwana wanga akanayenda ndi kamwana kosabadwako kumsana moyo wake wonse.

Buku linafika nthawi ya mondokwa, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, mtsinje wa Rivirivi utadzaza. Analibweretsa mwini wake, atalikulunga m'majumbo awiri. Anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri. Pachikuto panali dzina lake ndi la bambo athu, lolembedwa zilembo zikuluzikulu, dzina limene ndinali ndisanalionepo pena paliponse kupatula pa khadi la kuchipatala ndi pamtanda wa kumanda. Ndinalinunkhiza ngati mmene ndimachitira ndi nsalu yatsopano. Misozi inatuluka yokha, ndipo sindinadziwe ngati inali ya kunyada kapena ya mantha.

Uthenga utapita kuchimuna, amalume aja anayankha kuti awerenga okha, mokweza, pamaso pa mbali zonse ziwiri, kuti pasadumphidwe tsamba. Achimwene anavomera. Tinapangana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango kwa achimwene. Sitinaitane munthu, koma anthu anabwera ndi timipando tawo. Mnyamata anakhala kumbuyo kwa amalume ake, mwana wanga pafupi ndi ine pamkeka, ndipo wolemba anakabisala kukhitchini, ati akuthandiza alamu kuphika.

Kuwerenga bambowo amatha, pamenepo sindingawalande. Anavala magalasi, n'kuyamba ndi mawu awo aja a kutchalitchi, moti ena anatsala pang'ono kuimirira. Anadutsa zimene tinamva pawailesi n'kulowa zatsopano. Mtsikana anafika ku Nselema, mimba inakula, anzake analemba mayeso iye akutunga madzi, ndipo dzuwa likupendeka mwana anabadwa. Akafika pamalo oterowo bambowo ankaima, n'kuyang'ana achimwene pamwamba pa magalasi, n'kunyambita chala. Anthu sankayang'ana wowerenga, ankayang'ana pamkeka pathu. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika. Buku linali lisanafike ndi pakati pomwe, ndiye anapinda tsamba n'kunena kuti tipitiriza Lamulungu likudzalo, ngakhale mutu wake wayamba kuoneka. Bukulo analisiya kwa achimwene kuti pasakhale wonena kuti wina walisintha.

Sabata imeneyo sindinasoke chilichonse cholongosoka. Ndinalumikiza mkono wa malaya a mwana wasukulu chozondoka, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchitoyi. Achimwene okha ndi amene anandidabwitsa. Pakati pa sabata ndinawapeza akupalira kudimba akuimba mluzu. Ndinawafunsa chosangalatsa n'chiyani, anangoti, "Achemwali, Lamulungu mudzabwere, koma pakamwa mudzasiye kunyumba." Kenako ndinamva kwa alamu kuti masiku amenewo achimwene ankaweruka msanga kumunda n'kudzitsekera ndi bukulo.

Lamulungu lachiwiri anthu anachuluka kuposa loyamba. Bambowo anatsamiritsa njinga pamtengo, ambulera pambali pa mpando, n'kuyamba. Mtsikana wa m'nkhani anabwerera ku Utale ndi mwana wake, akufuna kuyambiranso sukulu. Aphunzitsi anavomera, koma panali munthu mmodzi wokana, wapampando wa komiti ya sukulu. Wowerenga wathu anawerenga bwinobwino kuti wapampandoyo anafika pasukulu pa njinga ya galasi la galimoto, ambulera yakuda ili m'manja dzuwa likuswa mtengo. Apa liwiro linachepa. Wina kumbuyo anatsokomola. Mzere wotsatira wapampando anatsegula pakamwa n'kunena kuti mwachidule, ndipo bambowo anawerenga mawuwo ndi mawu awo enieni, poti alibe ena. Amayi anayamba kuluma zitenje.

Anapitiriza, poti kusiya pamenepo kukanakhala kuvomera. Masamba angapo kutsogolo, wapampando uja anagulitsa malata a sukulu kwa mwini golosale. Bambowo anatsitsa buku.

"Apa wolembayu wasokoneza," anatero. "Ine malata a sukulu sindinawagwirepo."

Achimwene, amene amalankhula ngati akuwerenga mbewu, anati, "Ndani watchula inu, bambo? Werenganibe. Paja chosindikiza sichinama."

Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa malaya awo oyera. Anapukuta magalasi n'kupitiriza, mawu a kutchalitchi atatha, atatsala a munthu wamba. Ndipo wolemba wanga, mwana wopanda chisoni, sanawalekere pamenepo. Mutu wotsatira mvula inagwa, Rivirivi anadzaza, ndipo wapampando anakana malangizo a anyamata oolotsa anthu. Analowa m'madzi njinga ili paphewa, ambulera ili m'mwamba. Anamupeza mawa lake kumunsi, pamchenga. Bambowo anawerenga zonsezo, mtsinje weniweniwo ukumveka kulira kumadimba. Anawerenga maliro, anawerenga nyimbo za kwaya, anawerenga mpaka pamene adzukulu akukanganirana galasi la njinga.

Amene anaphulika poyamba anali akazi awo, amene anakhala pakati pa amayi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kunena akupukuta misozi, "Nanga ine masiku onsewa ndakhala ndikuphikira ndani?"

Basi pabwalo ponse panagwa chikhakhali. Amuna anaseka, ana osadziwa kanthu anaseka, ngakhale mayi wa mpunga wa ku Nselema anaseka mpaka mpango unagwa. Nkhalamba ina pafupi nane inati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine sindinaseke msanga. Ndinkayang'ana bambowo, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi pagulu atha kuuma mtima kuposa kale.

Koma bambo aja, pamodzi ndi ambulera yawo, ndi munthu woona. Anatseka buku, n'kuvula magalasi, n'kudikira phokoso lithe. "Mwachidule," anatero, ndipo tsiku limenelo chinalidi chidule, "ndinalakwa. Ngati bukuli likunena zoona, ine ndine wakuba komanso ndine malemu. Izi n'zopeka. Mwanayu tamulakwira, ndipo ndikupepesa pamaso pa anthu. Tsiku lija libwerere."

Miyezi yonse ija ndinali ngati munthu wosenza ndowa yodzaza pa njira yoterera, ndipo apa wina anali atanditula. Amayi omwe aja ankasuzumira m'nyumba mwanga ndiwo anayamba nthungululu. Ndinawalola, sindinawawerengere. Wolemba anatuluka kukhitchini n'kukagwada patsogolo pa bambowo kuti apepese. Pambuyo pake anandiuza kuti bukulo analilemba chibwenzi chisanayambe n'komwe, ndipo chimene ankaopa kwambiri miyezi yonseyo ndi tsiku limene bambowa adzadzipeze mumtsinje. Koma pabwalo paja bambowo anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mwana iwe, ukanandipha ndi malungo, madzi ndimawaopa." Anapemphanso kuti abwereke bukulo akamalizire kunyumba, akuti akufuna adziwe ngati mtsikanayo anakhoza mayeso.

Phokoso litachepa achimwene anatembenukira kumkeka wathu, poti nkhoswe samaliza nkhani asanamve kwa mwini wake. "Wamva, mwana wanga. Akuti tsiku libwerere. Ukuti bwanji?"

Mwana wanga anapempha kuti amudikire pang'ono. Anadzuka n'kupita kunyumba kwathu, kumene si kutali, anthu n'kumaganiza kuti manyazi amugwira. Anabwera ndi kamtolo. Munali chikole chimene mnyamata anamupatsa pomufunsira, nsalu ndi wotchi ya pamkono, zimene mtsikana amasunga posonyeza kuti walola. Anagwada patsogolo pa achimwene n'kuika kamtoloko pansi.

"Amalume, mubwezere eni ake."

Mnyamata uja analankhula koyamba chiyambire Lamulungu loyamba. "Komatu zatha. Amalume avomera, wamva wekha."

Mwana wanga sanamuyang'ane. Anayankha kwa amalume ake, mawu osakwera, ngati mmene amafunsira ulusi. "Bambowa sankandidziwa bwino, anali ndi chifukwa chodikira buku. Awa ankandidziwa. Ananena okha kuti akudziwa kuti n'zabodza, koma anadikirabe. Lero buku landiyeretsa. M'banja mukadzabwera bodza lina lopanda buku, adzadikira chiyani?"

Amalume a mnyamata anayang'ana mphwawo nthawi yaitali, kenako anatambasula manja n'kulandira kamtolo kuchokera kwa achimwene.

Ine ndinadikira kuti mtima wanga upse, poti ndine amene ndinkaufuna ukwatiwo kuposa aliyense. Sunapse. Unakhala pansi, kuposanso mmene unakhalira pamene bambo aja ankapepesa. Pamkeka pomwepo ndi pamene ndinadziwa chimene chinkandisowetsa mtendere zaka zonsezi, chinkhoswe chisanabwere n'komwe. Ndinkaopa kuti ndikadzafa ine wapakamwa, mwana wofatsayu adzamulankhulira ndani. Ndi chifukwa chake ndinkathamangira kumupezera mwamuna. Ndipo apa anali atadzilankhulira yekha pamaso pa mudzi wonse, mawu ochepa, osatukwana munthu, zimene ine sindikanatha.

Pobwerera kunyumba iye anali patsogolo, ine pambuyo, ndipo njira yonse sindinalankhule kanthu.